Voti ya a landilodi imachokera m'thumba la tenanti

Anthu ambiri akamva za landilodi amaganiza za bwana wa galimoto amene ali ndi nyumba ku Namiwawa kapena ku Area 47, ndipo amati munthu wotere amavotera chipani chimene chingamutetezere chuma chake. Kuno kwa Likoswe m'boma la Chiradzulu eni nyumba za lendi ambiri sali otero. Ena ndi amayi amasiye amene ali ndi zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yawo, ena ndi madala opuma ntchito amene adathira penshoni yonse mu njerwa ndi malata, pomwe ena ndi makolo ongoyang'anira nyumba imene mwana wawo adamanga ndi ndalama za ku Joni. Amenewa ndiwo a landilodi amene ine ndimawadziwa, ndipo ndikufuna kufotokoza m'mene ndawaonera akusankha chipani choti achivotere.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera m'dera lino. Nyumba za aphunzitsi pasukulu pathu n'zochepa, choncho ambirife timachita lendi m'midzi yozungulira. Pa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala m'nyumba zinayi za eni osiyana. Munthu ukamatunga madzi pa mjigo umodzi ndi mwini nyumba, kumvera naye wailesi pakhonde madzulo, ndi kumupempha kuti akudikire malipiro akachedwa, umadziwa zambiri za maganizo ake kuposa zimene anganene pa msonkhano wa chipani.

Poti ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndiyambe ndi kukumbutsa kuti nkhani ya eni malo ndi ndale si yachilendo ku Chiradzulu. A landilodi oyamba kuno adali azungu a maesiteti. Pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, anthu okhala pamalopo, ambiri a iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi pogwira ntchito ya thangata. Mwezi umodzi unkayenera kukhala wa lendi, wina wa msonkho, koma nthawi zambiri masikuwo ankatalikitsidwa monga mwini malo wafunira. Nkhanza zimenezi zidali zina mwa zifukwa zimene John Chilembwe wa ku Mbombwe adaukira pa 23 January 1915. Pa chisankho cha mu August 1961 ovota adagawidwa m'mindandanda iwiri molingana ndi chuma komanso maphunziro. Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20 ya mndandanda wapansi, koma pa mipando 8 ya mndandanda wapamwamba, momwe mudali azungu ambiri a malo ndi mabizinesi, isanu idapita ku United Federal Party, chipani chofuna kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chipitirire. Landilodi wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti phindu lake ndi kuvutika kwa tenanti wake, ndipo ankavota motero.

Lero zinthu zidatembenuka. Landilodi wa kwa Likoswe ndi tenanti wake amagula sopo pa okala imodzi, amadwalira chipatala chimodzi, ndipo njala ikabwera imalowa m'makomo onse awiri. Malo kuno ndi ochepa kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono ngati lino, ndiye munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu zambiri. Amene ali pafupi ndi msewu wa Midima, pa Nguludi Turn-off, kapena kufupi ndi chipatala ndi sukulu za mishoni, adaona kuti kachigawo ka munda kamapindula kwambiri ukamangapo zipinda kusiyana n'kudzalapo chimanga. Chitsegulireni Catholic University ku Nguludi mu 2006, ambiri adamanga mahositelo a ophunzira. Tisaiwalenso kuti kuno n'kwa chikamwini, malo amayenda kuchikazi, choncho eni nyumba ambiri ndi amayi ngakhale wobwera kudzatolera ndalama atakhala bambo.

Chinthu choyamba chimene ndaona kuti eni nyumba amayesera boma ndi mtengo wa simenti ndi malata. Mlimi amayang'ana thumba la feteleza, mwini nyumba amayang'ana thumba la simenti. Bambo wina amene ndidakhala m'nyumba mwake, wopuma ntchito ya boma, ankasunga kope momwe ankalemba mtengo wa chilichonse chimene wagula pomanga, kuyambira misomali mpaka laimu. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, zipinda ziwiri zimene adazifikitsa pa mawindo zidaima pomwepo, udzu n'kumera m'kati. Tsiku lina adanditsegulira kopelo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mumawerenga manifesito, ine ndimawerenga umu." Bamboyu sankakonda chipani chilichonse. Ankakumbukira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja mu 2011 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ankakumbukiranso m'mene kwacha idagwera mu May 2012 Joyce Banda atangolowa, kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Boma lililonse lidali ndi tsamba lake m'kope muja.

N'chifukwa chake ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene boma la DPP lidayambitsa mu 2014 idakambidwa kwambiri m'makonde a eni nyumba, ngakhale cholinga chake chidali kuthandiza osauka kumanga nyumba zogonamo iwo eni. Ena ankaiyamikira, ena ankadandaula kuti mayina awo sadatuluke pomwe a anzawo adatuluka. Koma onse ankamva kuti pali wina amene watchula chinthu chimene iwo amachiganizira usiku.

Chachiwiri ndi thumba la tenanti. Mwini nyumba salandira malipiro ku boma, koma amadziwa tsiku limene aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amalandira kuposa ife eni akefe. Malipiro akachedwa, zimene zachitikapo pansi pa maboma osiyanasiyana, iye ndiye amayamba kuvutika, chifukwa ngongole ya ku banki m'khonde siidikira. Mayi wina wamasiye amene ndidakhala kwawo zaka zitatu ankandifunsa mwezi uliwonse kuti, "Mwanawe, zalowa?" Ndikati ayi, ankangoti, "Basi tidikire tonse." Lendi yanga ya K25,000 ndiyo inkalipira fizi ya mdzukulu wawo ndi kuombola feteleza wa makuponi. Mayiwa sankafunsa kuti chipani chikulonjeza chiyani kwa eni nyumba. Ankafunsa chimene chikulonjeza kwa ogwira ntchito m'boma, poti adadziwa kuti ndalama yawo imadzera m'thumba langa.

Eni mahositelo adaphunzira phunziro lomweli mu 2020. Sukulu zonse zitatsekedwa mu March chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19, zipinda zidakhala zopanda munthu miyezi ingapo, pomwe ngongole zimene adamangira zinkaberekana. Kuchokera apo, ena mwa iwo amatchera khutu andale akamakamba za ngongole za ophunzira a m'mayunivesite, chifukwa wophunzira wopanda ndalama sangalipire chipinda.

Pali vuto lina limene eni nyumba amalidziwa bwino. Zinthu zikakwera mtengo, wogulitsa shuga amasintha mtengo tsiku lomwelo. Mwini nyumba sangatero. Akakweza lendi kwambiri, mphunzitsi amasamukira m'chipinda chotchipa, kapena aphunzitsi awiri amagwirizana kukhala nyumba imodzi. Kuno si ku Ndirande kumene ukatulutsa tenanti m'mawa, masana wina wafika kale ndi katundu pa wilibala. Nyumba itha kukhala miyezi itatu ikugona mileme. Ndiye kukwera mitengo kwa zinthu kumamudya landilodi wakumudzi mbali ziwiri: zomangira zakwera, koma lendi siingakwere mofanana. Ichi n'chifukwa chake ambiri mwa iwo amakwiyira msanga boma lililonse limene kwacha yafooka m'manja mwake, kaya adalivotera kaya ayi.

Chachitatu ndi mapepala a malo. Ambiri amene adabwera kudzamanga kuno kuchokera ku Limbe kapena ku Bangwe adagula malo kwa mabanja, umboni wake n'kukhala kapepala kolemba pamanja kosainidwa ndi a nyakwawa. Malamulo a malo a 2016, amene adakonzedwanso mu 2022, adabweretsa njira yolembetsera malo a makolo kudzera m'makomiti a m'midzi. Eni nyumba adagawikana pa nkhaniyi. Obwera adakondwa poganiza kuti adzakhala ndi chikalata chimene mbumba ya wogulitsa siingachitsutse, mwinanso n'kukatengera ngongole ku banki. Eni mudzi ena adachita mantha kuti kulembetsa ndi chiyambi cha msonkho, ena kuti mphamvu za mafumu zichepa. Wandale amene wabwera n'kunena mawu ogwirizana ndi mantha kapena chiyembekezo cha munthu pa malo ake amamugwira mtima msanga. Chomvetsa chisoni n'chakuti ochepa adawerengapo malamulowo. Ambiri amadalira zongomva, ndipo akulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chachinayi ndi msewu, madzi ndi magetsi. Chipinda chimene chili ndi magetsi a Escom chimalipiritsa kuposa chopanda magetsi, ndipo nyumba ya pafupi ndi mjigo siisowa munthu. Apa ndi pamene mwini nyumba amaganizira za phungu ndi khansala kuposa pulezidenti. Ndaonapo eni nyumba akuvotera pulezidenti wa chipani china, phungu woima payekha, khansala wa chipani chinanso, chifukwa choti khansalayo ndiye adathamanga kuti mlatho wa kumudzi kwawo ukonzedwe. Pa mavoti awiriwa anthu amaweruza ndi maso, ndipo n'chifukwa chake aphungu ambiri m'dziko muno sabwereranso ku Nyumba ya Malamulo nthawi yawo ikatha.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 adawonjezera muyeso wina. Tonse kuno tikukumbukira m'mene matope ndi miyala zochokera m'phiri zidakokolera mudzi wa Ntauchira m'dera lomwe lino la Likoswe. Kutali ndi mudziwo nyumba zambiri za njerwa zosaotcha zidagwa, zina mwa izo za lendi. Mwini nyumba amene khoma lake lidagwa adataya pogona pa tenanti ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi nthawi imodzi, ndipo padalibe inshuwalansi yoti imubwezere. Anthu amakumbukira amene adafika ndi thandizo masiku amenewo, amene adafika ndi makamera okha, ndi amene sadafike n'komwe. Chikumbumtima chimenecho adapita nacho kokavota.

Komabe ndinganame nditanena kuti eni nyumba onse amavota ndi kope la mitengo m'manja. Chachisanu, chimene nthawi zambiri chimaposa zonsezi, ndi kwathu ndi mtundu. Mu 1994 ndi 1999 dera lino, monga madera ambiri a chigawo cha kummwera, lidali la chikasu cha UDF. Bingu atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, pang'onopang'ono nsalu zidasanduka zabuluu, ndipo zakhala choncho pa zisankho zotsatira. Mayi wamasiye uja adandiuzapo kuti, "Ife chipani tidachipeza ngati mpingo, sitisintha chifukwa m'busa walalikira moipa Lamulungu limodzi." Anzanga amene akuphunzitsa ku Dowa ndi ku Kasungu amandiuza kuti eni nyumba a kumeneko amalankhula chimodzimodzi za tambala wakuda. Mwini nyumba wa ku Chiradzulu ndi mnzake wa ku Dowa amagula simenti pa mtengo wofanana, amadikira malipiro a mphunzitsi tsiku lofanana, koma amavota mosiyana. Apa n'zoonekeratu kuti umwini wa nyumba pawokha suuza munthu chipani.

Ngakhale zili choncho, thumba lidagonjetsapo chigawo. Mu 2009 Bingu adapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse, ndipo adapeza mavoti ochuluka ngakhale kumpoto ndi pakati, chifukwa anthu adali atakolola ndi feteleza wotsika mtengo ndipo kwacha idali itakhazikika. Mu June 2020 Lazarus Chakwera adapambana chisankho chobwereza ndi malonjezo a ntchito ndi feteleza wa K4,495. Pa 16 September 2025 anthu adamuchotsa n'kubwezeretsa Peter Mutharika ndi mavoti oposa theka, ndipo kulikonse kumene munthu unkaima, pa chigayo kapena pa siteji ya kabaza, nkhani idali ya mitengo ya zinthu. Ndimaona ngati mtundu umauza munthu koyambira, koma thumba likapweteka kwambiri limamuuza kothera, kapena limamukhazika pakhomo osapita n'kovota komwe.

Palinso kusiyana pakati pa zimene landilodi amaonetsa ndi zimene amachita. Mwini nyumba ndi munthu wa bizinesi, safuna kudana ndi aliyense. Wina amene ndidakhala naye ankalandira nsalu ya chipani chilichonse chobwera pabwalo la mpira. Yabuluu inkakhala katani ya pakhomo, yofiira ankafunditsira nkhuku, yachikasu ankayanikapo ufa. Ndidamuseka kuti mapanga awiri avumbwitsa, iye n'kuyankha kuti, "Achimwene, nsalu siivota." Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma aliyense amene adapitako ku msonkhano wa kampeni akudziwa m'mene zimakhalira. Ambiri amalandira, kenako n'kukavota za kumtima kwawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi eni nyumba ochepa amene amaganiza kuti poti denga ndi lawo, voti ya wogona pansi pake ndi yawonso. Mphunzitsi mnzanga wochokera m'chigawo chapakati adauzidwa kuti apeze nyumba ina patangotha sabata mkazi wake atayanika nsalu ya chipani china pa chingwe. Chifukwa chimene adapatsidwa n'chakuti mwana wa eni nyumba akubwera kudzakhalamo, koma nyumbayo idakhala yotseka mpaka mvula idagwa. Mnzangayo adasamuka pakati pa teremu ndi ana awiri, ndipo teremu yotsatira adapempha kuti amusinthe sukulu. Adapita ndi phunziro lake la sayansi, ana a Fomu 4 n'kukhala miyezi ingapo opanda wowaphunzitsa, ndipo ena mwa anawo adali a mudzi womwewo. Mwini nyumba adataya lendi, mudzi udataya mphunzitsi, ndipo chipani chimene ankachitetezacho sichidapindulepo voti ngakhale imodzi.

Aphunzitsi ambiri timagwira ntchito m'malo oponyera voti nthawi ya chisankho, ndipo ine ndagwirapo. Ndikutsimikizireni, inu a tenanti anzanga, kuti munthu akalowa m'kachipinda kovotera amakhala yekha. Pepala lake silikhala ndi dzina, ndipo likalowa m'bokosi palibe landilodi, nyakwawa kapena mkulu wa chipani amene angalizindikire. Kuuza munthu kuti alipire denga ndi voti yake ndi thangata la mtundu wina, ndipo anthu a ku Chiradzulu ndife oyenera kulikana msanga kuposa wina aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti pa misonkhano yonse ya kampeni imene ndamverako kuno, sindidamvepo wandale akutchula mawu oti lendi. Amakamba za feteleza, misewu ndi ntchito, koma za ubale wa mwini nyumba ndi tenanti amangodumpha. Pafupifupi tonse timalowa m'nyumba popanda pangano lolemba. Tenanti akathawa usiku ndi ngongole ya miyezi inayi, mwini nyumba alibe kolowera koposa kwa a mfumu. Mwini nyumba akakweza lendi lero kuti mawa ulipire, kapena akazula chitseko kuti utuluke, tenanti naye alibe pogwira. Onse awiri akadapindula ndi kapepala kosavuta, ka m'Chichewa, konena za lendi, tsiku lolipira, nthawi ya notisi ndi amene akonze denga likadontha. Khonsolo ya boma ikhoza kukonza kapepala kotere popanda kudikira Nyumba ya Malamulo, ndipo khansala amene angayambitse zimenezi angapeze mavoti ku makomo onse awiri.

Kwa eni nyumba a kwa Likoswe ndi kwina konse, pempho langa ndi ili. Ufulu wovotera amene mukufuna ndi wanu, ndipo ine monga wogwira ntchito m'boma sindingakuuzeni chipani. Koma wandale akadzafika pabwalo, musadzangolandira nsalu. Mudzamufunse chimene adzachite kuti kwacha isamasungunuke m'manja, kuti malipiro a ogwira ntchito azifika pa tsiku lake, kuti kulembetsa malo kufike m'mudzi mwanu pa mtengo woti mungakwanitse, ndiponso kuti magetsi ndi madzi zifike kumene mwamanga. Aphungu ndi makhansala amene tidawasankha mu 2025 ali ndi zaka zoti ayankhe mafunso amenewa chisankho cha 2030 chisanafike, ndipo sitiyenera kudikira kampeni kuti tiwafunse. Mukamapita ku msonkhano wa chitukuko cha m'dera, mutengeni tenanti wanu mupitire limodzi, chifukwa zimene iye akafunse kumeneko n'zomwezo zimene zidzabweretse lendi yanu pakutha pa mwezi.